Bwezani y wa Abambo

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Musavutike kuyankha. Ndafunsa chifukwa munandilera kuti munthu asanayambe kukalipa azipereka kaye moni. Moniwo ndi umenewo, watha.

Ine Lusungu NyaShaba, mwana wanu woyamba, mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina pano pa Mzimba boma, mwini digiri ya zilankhulo imene inu munkaitcha chiphaso cha mkamwa, ndikupereka dandaulo kwa inu malemu Elube, amene kale munkakhala kumudzi kwa a Shaba kufupi ndi Embangweni, koma pano adiresi yanu siikudziwika bwino. Mlandu ndi uwu: munachoka pakhomo ndi katundu amene sanali wanu nokha, ndipo mpaka lero simunabweze. Katunduyo ndi chilembo chimodzi, y. Kanthu kooneka ngati phanda la legeni. Kanthu kameneko kandidyera nkhuku, kandidanitsa ndi mitundu iwiri, kandichititsa manyazi pamaso pa abusa, ndipo pano kakumaliza mawondo a abambo. Munanditcha Lusungu kuti ndizikhala wachifundo. Dziwani kuti chifundocho chatha, ndipo ndifotokoza zonse bwinobwino poti kumeneko nthawi muli nayo yambiri.

Ndiyambe ndi za pakhomo, mungadzati mwanayu alibe mwambo. Chimanga cha kumtunda chinachita bwino, cha kudambo chinamira. Za fodya musandifunse; abambo akangomva mawu oti okushoni amalavula pansi. Mlongo wanga Chawezi akadali ku Luwawa kocheka matabwa, amabwera kumudzi akununkha utomoni wa paini, ndipo mlamu wanga NyaTembo wamuberekera mwana wamkazi. Amutcha Elube. Watenga mphumi yanu, ndipo salira ngati ana ena, amalira ngati akuweruza mlandu. Mtondo wanu unang'aluka. Mphika wanu waukulu uja anabwereka anthu pa maliro anu omwe, mpaka pano sunabwere. Ndikudziwa khomo limene uli, ndikungodikira tsiku limene mwini khomolo adzaimirire m'tchalitchi kuchitira umboni. Bantomu, ng'ombe ya abambo ija, ili moyo, yanenepa, ndipo sikuonetsa chisoni ngakhale pang'ono. Ya Bantomu tibwererako.

Tsopano za y. Musachite ngati mwaiwala. Kwanu ku Kasungu munabadwa NaPhiri. Abambo atapereka ng'ombe nkubwera nanu kuno, anthu a kuno anakutchani NyaPhiri, monga amatchulira mkazi aliyense: NyaTembo, NyaMoyo, NyaShaba. Akazi ena obwera amangovomera nkuiwala. Inu ayi. Inu munatenga y nkumunola. Munkati, "Y ndi chitenje cha kwa apongozi, umavala ukamalowa, zikakutentha umavula." Tikakwera minibasi kupita kwanu, kungodutsa pa Jenda munkapuma mpweya waukulu nkunena mokweza kuti, "Ndavula," mpaka anthu osadziwa nkhani ankatembenuka kuti aone chimene mwavula.

Koma kumene y ankagwira ntchito yeniyeni ndi pakhomo. Abambo akakuputani simunkalalata. Munkangoima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, nkulengeza kuti, "Lero ndine NaPhiri." Basi. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake: mkazi wa a Shaba wapita kwawo, amene watsala panoyu ndi mlendo wa ku Kasungu, ndipo mlendo saphikira munthu. Abambo ankazungulira bwalo ngati nkhuku yofuna poikira, kenako nkupita kukhola kukacheza ndi ng'ombe. Mkwiyo ukatha, kaya madzulo kaya mawa lake, munkatenga chikho cha chindongwa, thobwa la kuno lija, nkuwaikira patsogolo, nkunena m'Chitumbuka chanu chopindika kuti, "NyaPhiri wawera." NyaPhiri wabwerera. Ndipo abambo, nkhope ili gwa ngati akulandiradi munthu wochokera pa ulendo, ankati, "Yewo. Mwawera makora?" Zikomo, mwabwerako bwino? Ana a anzathu ankayang'ana mitambo kuti adziwe za nyengo. Ife tinkayang'ana y.

Fodya atagulitsidwa chaka chathachi tinagwirizana zomanga chiliza chanu. Ntchito ya mwala ndi mawu olembapo inagwera ine, poti ndine wophunzira. Pa ntchito zotere pokha ndi pamene banja lino limakumbukira kuti ndinapita kusukulu. Tinaitana msonkhano pansi pa mango uja. Ku Kasungu kunachokera mlongo wanu, atsibweni a Yohane, amene mano awo akutsogolo anatha onse chichokere inu, moti akamayankhula amaliza kamluzu. Mbali ya kuno kunali mlongo wa abambo, ankhazi NyaShaba, amene sanasinthe kanthu kalikonse, ndipo zimenezi si zoyamikira. Abambo anakhala pambali akusema mpini.

Ndinawerenga mawu amene ndinakonza: "Pano pagona Elube NaPhiri." Ndinalemba Na osaganiza nkomwe, ndimaphunzitsa Chichewa, dzanja linangopita lokha.

Ankhazi anatsitsa chikho. "Wati vichi? Ŵerengaso."

Ndinawerenganso.

Zimene ananena ndikumasulirani, poti Chitumbuka chanu chinali cha pamsika. Anati, "Elube na Phiri? Phiri wake uti? Mlongo wanga ali moyo, wakhala apayu, ndipo iwe ukufuna kulemba pa mwala, mudzi wonse uziwerenga, kuti mkazi wake wagona na Phiri?" Mukukumbukira kuti m'Chitumbuka cha kuno na ndiye ndi wa m'Chichewa. Ine ndinali nditaiwala, ndi digiri yanga yonse. Malinga ndi ankhazi, ndinali pafupi kukusemerani chigololo pa mwala wosafufutika.

Atsibweni anaseka, kamluzu kali fyoo. "Mayi, ngati tayamba kumvera mawu ndi khutu lotere, tiyeni timalize. Kwathu nya timauza mwana tikamukhazika kuseri kwa nyumba. Mlongo wanga sanali chimbudzi."

"Ng'ombe zikaluta, NyaPhiri wakiza," anatero ankhazi. Ng'ombe zinapita, NyaPhiri anabwera. "Ng'ombe munalandira, munadya, mbwenu dzina ndi lathu."

"Ng'ombe zake ziti? Mafupa aja? Zinafa ndi chigodola mvula isanagwe. Munatenga manja ake, munatenga ana ake, mtembo wake tinakusiyirani chifukwa cha ulemu. Dzina lokha mutisiyire."

Apa ndi pamene ndinaimirira. Ndipo ndikufuna chilembedwe kuti sindinalakwe kanthu. Zonse zimene ndinanena zinali zoona, ndipo wolakwa ndi inu amene munanditumiza kusukulu.

Ndinati, akuluakulu, mukulimbirana mwana mmodzi amene wavala malaya awiri. Na ndi Nya ndi pachibale, ndipo si za Achewa ndi Atumbuka okha. Kachidutswa kameneka kanayenda dziko lalikulu kuposa tonse tili pano. Ku Zambia Ababemba akati bana Mulenga ndiye kuti amake Mulenga. Ku Uganda mayi wobereka mapasa amamutcha Nalongo, ndipo maina ambiri a atsikana kumeneko amayamba ndi Na. Kumunsi ku Nsanje, Asena akati nyakuba akunena mwini ntchito yakuba. Ndinatembenukira kwa atsibweni: inu amene mukunyansidwa ndi nya, nanga nyakwawa wa m'mudzi mwanu mumamutcha chiyani? Nanga nyalugwe? Nya muli naye m'nyumba, mukungomukana ngati mwana wa kwina. Ndipo Na wathuyu sakhala pa maina a mafuko pokha: namwino, namkungwi, namwali, namzeze, nalimata wa pakhoma, ngakhale ife tonse takhala pano ndife anamfedwa. Kulikonse kumene akupezeka akuloza mwini chinthu, kapena mayi wa chinthu. Ndinawauza kuti ambiri odziwa za zilankhulo amaganiza kuti gwero lake ndi mawu akalekale otanthauza mayi, ngakhale sagwirizana za njira imene mayi wa uje anadzasandukira mwana wamkazi wa fuko la uje. Ndinawachenjezanso, monga mphunzitsi wabwino, kuti si nya aliyense ali m'bale wathu. Aluo a ku Kenya ali ndi nya wawo wa ana aakazi, koma chilankhulo chawo ndi cha mtundu wina, mwina ndi kungofanana nkhope ngati anthu okumana pa depoti. Ndipo nya wa atsibweni wa kuseri kwa nyumba uja ndi mneni chabe, pa ubale umenewu palibepo.

Amayi, ndinayankhula bwino. Ana a fomu folo akanawomba m'manja. Ndikanakhala pansi pomwepo. Koma munandipatsa pakamwa panu osandipatsa mabuleki ake.

Ndinati, "Mawu akalewo mpaka lero muli nawo inu ankhazi. Mayi wa munthu mumati nyina. Makolo anu a Chingoni amene mumawanyadira aja ankati unina. Ndipo ukamauza munthu za mayi ake enieni umati," apa ndinawaloza ndi chala monga ndimalozera m'kalasi, "nyoko."

Ngakhale nkhuku zinasiya kutola. M'buku la galamala mawu amalembedwa ali maliseche, opanda a wa ulemu. Pansi pa mango sizitero. Ndinali nditaloza mayi wachikulire ndi chala, pamaso pa alendo, nkumuuza kuti nyoko.

"Wanituka!" anakuwa ankhazi, akuvula duku. "Mwana wa mlongo wanga wanditukwanira amayi anga ali m'manda! Masambiro ghakunanga, sukulu yakuwononga! Nchifukwa chake palibe mwamuna wabweretsa ngakhale mbuzi pakhomo pano, ndani angalowole wayilesi?"

Atsibweni anali akugubuduka ndi phwete, misozi ili mbwembwembwe. Zinandipsetsa mtima. Ndinati, "Atsibweni, musaseke. Na wanuyo ndi Nya yemweyo, kungoti anaguluka dzino."

Anatseka pakamwa ndi dzanja. Kamluzu kanazima.

Ndikuuzeni chozizwitsa chimene inu simunachione m'moyo wanu wonse wa m'banja: tsiku limenelo Kasungu ndi Mzimba anagwirizana. Onse awiri anapeza kuti ndili ndi mwano, ndipo anandilipiritsa nkhuku. Thadzi langa lakuda lija, limene linkaikira tsiku ndi tsiku. Analidya limodzi pamphasa imodzi, ankhazi nkumasankhira atsibweni chiwindi ati chifukwa ndi chofewa. Ine anandipatsa khosi.

Koma nkhuku itatha nkhani inatsala pomwepo. Atsibweni potsazika anati akangomva kuti pa mwala pali y, wa ku Kasungu sadzapondako ku mwambo ngakhale mmodzi, ndipo ine ndi Chawezi tidzaiwale njira ya kwawo kwa amayi athu. Ankhazi anati mwala wa na Phiri ukalowa kumanda a a Shaba udzadutsa pa mtembo wawo. Ndinaganiza zovomera mfundo imeneyo, koma ndinalibe nkhuku ina. Abambo anali akadali pambali paja. Mpini uja anausema mpaka unasanduka mthiko.

M'mawa mwake ndinawapeza kudimba kwanu. Simukudziwa izi: dimbalo salimamo kanthu, koma mpanda wake amaukonza ngati muli golide. Anali akumanga luzi. Osandiyang'ana anati, "Lusungu, za Phiri wa ankhazi akozo ine ndilibe nazo ntchito. Koma usalembe NaPhiri."

Ndinafunsa chifukwa chake.

Anati, "Wandawere." Sanabwerere.

Ndipo anandiuza zimene inu mukuzidziwa kale, zimene mwakhala mukuzisunga kumeneko muli phee. M'mawa wa tsiku limene munagwa, Bantomu inathyola mpanda nkudya mpiru wanu wonse ndi tomato yemwe, chifukwa abambo sanatseke bwino chipata cha khola. Munabwera kuchokera kudimba, munaima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, nkunena kuti, "Lero ndine NaPhiri. Akuphikireni Bantomu." Munatenga chikwanje kukadula minga yotsekera mpanda. Anakupezani komweko mutagwa. Za kugwako tonse tinkadziwa, za kuthamanga kwa magazi tinkadziwa, za masiku amene munagona kuchipatala osayankhula tinalipo. Koma mawu aja anawamva ndi abambo okha. Ife tinkaona ngati akhala pambali pa bedi kudikira kuti muchire. Iwo ankadikira mawu awiri. Akuti tsiku lina milomo yanu inagwedera, iwo nkuweramira pafupi, koma anamwino anati mukufuna madzi. Mpaka lero sakudziwa ngati anali madzi.

Amayi, nkhanza zoterezi munaziphunzira kuti? Chifukwa cha mpiru? Mpiru umene pamsika wa Embangweni amakuikira ndi basera? Inu amene munkatiuza kuti dzuwa lisalowe muli chikwiyire, inu wa mvano wa yunifolomu yosita, munapita kwa Mulungu wanu mutanyanyala. Munthu wanzeru safa pakati pa mkangano. Amamaliza kaye, amaika chikho pansi, kenako amagwa. Munali ndi mwayi wokwiya tsiku lina lililonse, ndipo munkaugwiritsa ntchito mokwanira, koma munasankha kuvula chitenje cha kwa apongozi tsiku lokhalo limene simukanatha kuchivalanso. Bambo wachikulire wakhala nyengo yonseyi m'nyumba imene mkazi wake sanamwalire chabe, koma anapita kwawo. Anthu ankati a Shaba aonda ndi chisoni. Sichinali chisoni chokha, anali pa chilango chimene woweruza wake anachoka osatseka mlandu.

Ndiye taonani pamene munandiika. Ndikalemba Na, ndiye kuti ndasema pa mwala kuti simunawakhululukire, ndipo aziwerenga chigamulo chimenecho mpaka tsiku la lipenga. Ndikalemba Nya, ndataya Kasungu yense, komanso ndakusainirani chikhululukiro chimene simunapereke, ndipo ndikukudziwani: mukhoza kudzuka kudzandifunsa kuti anandituma ndani. Digiri yanga inandiuza kuti Na ndi Nya ndi mawu amodzi. Inu munakhala moyo wanu wonse mukutsimikiza kuti pakati pawo pali mtunda wochokera pano kukafika ku Kasungu.

Ndinabwerera ku boma nditakwiya ndi nonse, amoyo ndi akufa omwe. Ndinapita kwa wosema miyala uja wa kuseri kwa msika nkumuuza kuti aseme N, asiye mpata wokwana chala chimodzi, kenako amalize aPhiri. Anandiyang'ana nati, "Madamu, anthu adzati ndine wosaphunzira." Ndinati, "Adzati ndine, ndipo ndazolowera." Sindinachite zimenezi chifukwa cha nzeru ayi, ndinachita mwa chipongwe. Atsibweni ndinawaimbira foni kuti pa mwala palibe y. Ankhazi ndinawauza kuti pa mwala palibe na. Onse ndinawauza zoona, ndipo onse anati ndayamba kukula.

Tsiku la mwambo kunatentha ngati ku Nsanje. A ku Kasungu anabwera odzaza lole, amvano anaimba nyimbo yanu ija, Chawezi anagwira nsalu mbali ina, ine mbali ina, tinavundukula. Abusa anakonza magalasi, anaweramira mwala, nkuwerenga mokweza ndi mawu awo a paguwa aja:

"Pano pagona Elube n'aPhiri."

Amayi. N'aPhiri. Ndi a Phiri. Chigololo chimene chinali m'Chitumbuka chokha ndinali nditachimasulira m'Chichewa, nkumuwonjezera Phiriyo ulemu. Kumbuyo kwa amvano wina anatsamwa. A ku Kasungu anayang'anizana. Ankhazi ananditembenukira pang'onopang'ono nati, "Sono ŵaPhiri ŵakwezgeka." Tsopano a Phiri akwezedwa pa udindo. Atsibweni anali atayamba kale kufunafuna chipewa chawo. Ndinaona Kasungu yense akukwera lole, ndinaona njira ya kwanu ikumera udzu, ndipo ndinayang'ana dzenje lapafupi ngati muli malo.

Pamenepo abambo anadzuka pa mpando. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa chiliza, anagwira mwala, nkugwada. Mukudziwa mawondo awo. Kugwadako kunamveka ngati munthu akuthyola nkhuni. Anapisa m'thumba la jekete nkutulutsa choko. Choko changa, cha m'chikwama changa, chimene sindikudziwa anachitenga liti. Mu mpata uja analembamo y. Wopindika, mwendo wautali kwambiri, ngati wa mwana wa sitandade wani. Kenako anati, osati mokweza, ndipo osati monga munkanenera inu, koma ngati funso:

"NyaPhiri wawera?"

Anadikira. Manda onse anadikira nawo, ngakhale ambiri sankadziwa chimene akudikira. Ndipo anagwedeza mutu ngati amva kanthu, nati, "Yewo. Mwawera makora."

Sindinalire. Linali fumbi, ndipo aliyense amene akuuzeni zina ndi wabodza.

Atsibweni anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma ankhazi anawakoka jekete. Kenako atsibweniwo anati, "Choko si mwala. Pansi pakepo ndi NaPhiri." Ankhazi anati, "Ise tikuwona y." Aliyense anapita kukadya ali wopambana, ndipo lole ya ku Kasungu inanyamuka madzulo itanyamula maungu ndi malonje. Njira ya kwanu ikadali yotsegula. Musandiyamikire, sindinakonze ndine.

Mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo, kuti mwapulumuka? Khalani pansi.

Chilimwe chonse y anakhalapo. Abambo ananenepa, anayambanso kuimba mluzu pokama, anafika mpaka podzala mpiru m'dimba mwanu. Kenako mvula yoyamba inagwa. M'mawa mwake anapita kumanda, anabwerako nkhope itagwa, nauza NyaTembo kuti, "Wakwiyaso." Wakwiyanso. Mvula inali itatsuka choko, pa mwala patatsala mpata.

Chiyambire pamenepo ntchito ndi imeneyo. Mvula ikagwa, m'mawa amavala jekete, amatenga choko, amatsetsereka kanjira koterera kaja, amagwada m'matope. Amayamba apepesa kaye. Akuti amakufotokozerani kuti chipata cha khola anachiikira waya, kuti Bantomu yakalamba ndipo ilibenso mphamvu zothyola mpanda, kuti mpiru wamera bwino. Akatero amapukuta mwala ndi mkono wa jekete, amalemba y, amadikira, amayankha yewo, nkubwerera kunyumba akutsimphina. Ndipo mvula ya chaka chino, Amayi, ikugwa ngati ili ndi chifukwa ndi munthu. Sindikunena kuti ndinu. Ndikungonena kuti mitambo imachokera mbali ya Kasungu.

Ndinawagulira penti yoyera ya mafuta, imene mvula siichotsa. Anaiyang'ana ngati ndawabweretsera poizoni. Anati, "Ukufuna kumumanga? Munthu uja sanamangidwepo. Akafuna kuvula azivula." Pentiyo anapakira chitseko cha nkhokwe. Panopa ali ndi chifuwa chimene sichikundisangalatsa, bondo lamanzere latupa ngati dzungu, ndipo ndikawaletsa amandifunsa ngati ndikufuna kuti mugone osapepesedwa. Choipa kwambiri nchakuti akusangalala. Sindinawaonepo osangalala chotere chichokere inu. Apezanso mkazi wokangana naye, ndipo inu mwapeza njira yonyanyalira muli m'manda. Banja lanu likuyenda bwino kuposa mabanja ambiri a anthu amoyo, koma likuyendera pa choko changa ndi mawondo a bambo anga.

Choncho, poona kukula kwa mlandu, ndikulamula chipepeso chotere. Mubweze nkhuku yanga, yomweyo, yakuda, yamoyo, chiwindi chili m'malo mwake. Mutumize choko chokwana dzinja lonse, poti ana a m'kalasi mwanga ayamba kuphunzira mneni ndi chala cha m'malere. Mutumize mawondo awiri atsopano. Kumeneko kuli anthu ambiri amene sakuwagwiritsa ntchito, pemphani kwa agogo a Shaba, anali ndi miyendo yabwino. Mukambirane ndi amene amayang'anira mvula, ndikudziwa kuti mwazolowerana naye kale ndipo amakuopani, kuti izigwa m'munda monse, kudambo pang'ono chabe, koma izilambalala malo okwana chala chimodzi pa mwala wanu. Atsibweni muwabwezere dzino limodzi kuti tigwirizane. Ndipo zonsezi zikakukanikani, ndikhululuka ngati muchita chimodzi ichi: mubwere kwa abambo kutulo, kamodzi kokha, mutanyamula chikho cha chindongwa, muwaikire patsogolo, munene mawu awiri aja ndi pakamwa panu, m'Chitumbuka chanu choipa chija. Akhala akudziyankha okha mokwanira.

Mbali yanga ndikulonjeza izi. Mpata uja sindidzautseka, kaya ndi penti kaya ndi chisemero, ngakhale ankhazi abweretse mlandu wa ng'ombe. Elube wamng'ono akadzayamba kuwerenga nkufunsa chifukwa chake dzina la agogo ake lili ndi dzino loguluka, ndidzamuuza zonse, ndi za nyoko zomwe. Ndipo tsiku limene abambo adzanyamuke kubwera kumeneko, lichedwe ndithu, ndidzawaveka jekete lomwelija nkuwaikira choko m'thumba. Zotsalazo mukamalizirane nokha.

Ndimakukondani, ngakhale sabata ino simukuyenera.

Ndine mwana wanu Lusungu, ndipo mpaka mutayankha, lero ndine

NaShaba.